Mayi Henrietta Lacks, Mlimi wa Fodya Amene Maselo Awo Akali ndi Moyo

Amayi, mwina dzina la Henrietta Lacks simunalimvepo. Anali mayi wa ana asanu, wokulira m'munda wa fodya, amene sukulu analekezera m'giredi 6. Anamwalira mu 1951 ali ndi zaka 31, ndipo chimene chinawatenga ndi matenda omwewa amene akutha amayi ambiri kuno kwathu, khansa ya khomo la chiberekero. Koma kanyama kakang'ono kamene madokotala anadula pa chotupa chawo sikanafe. Mpaka lero maselo a kanyamako akuswana m'nyumba zofufuzira za maiko ambiri, ndipo ndi m'maselo amenewa mmene akatswiri anapeza koyamba mwa munthu chinthu chimene chimapatsa khansa mphamvu yokula kosalekeza. Mukaidziwa mbiri yawo, mumvetsa chifukwa chake anamwino amatiumiriza kukapimitsa tisanamve kuwawa kulikonse.

Ubwana wa m'munda wa fodya

Mayi Lacks anabadwa pa 1 Ogasiti 1920 mumzinda wa Roanoke, m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo dzina lawo loyamba linali Loretta Pleasant. Dzina lakuti Virginia si lachilendo kwa inu olima fodya wa m'balani, pakuti fodya ameneyu anatengera dzina lake kuchigawo chomwechi. Banja lawo linali la anthu akuda, zidzukulu za anthu amene anagwira ukapolo m'minda ya fodya.

Mu 1924 amayi awo, a Eliza, anamwalira pobereka mwana wa khumi. Bambo awo anaona kuti sangathe kulera okha ana onsewo, choncho anapita nawo kumudzi wa Clover n'kuwagawa kwa achibale, monga timachitira ifenso maliro akatha. Henrietta, ali ndi zaka zinayi, anagwera m'manja mwa agogo ake obereka amayi ake, a Tommy Lacks, amene ankakhala m'nyumba ya mitengo imene kale munkagona akapolo.

Moyo wa pamudzipo mungauzindikire msanga. Ana ankadzuka mbandakucha kudyetsa nkhuku ndi nkhumba, kukama ng'ombe, kenaka n'kulowa m'munda. Nyengo yokolola ankathyola fodya, kumusoka, ndi kuchezera usiku wonse kusonkhezera moto kuti aume bwino. Akauma, ankamutengera pangolo ku okushoni m'tauni ya South Boston. Ntchito yotere sipatsa mwana mpata wa sukulu, ndipo Henrietta anaisiya ali wamng'ono.

Ukwati ndi ulendo wa kutauni

M'nyumba ya agogowo munkakhalanso msuweni wake, David Lacks, amene anthu ankangomutcha Day. Awiriwa anakulira pamodzi, ndipo mu 1935, Henrietta ali ndi zaka 14 zokha, anabereka mwana wawo woyamba, Lawrence. Wachiwiri, Elsie, anabadwa mu 1939. Ukwati anamanga pa 10 Epulo 1941.

Kumapeto kwa chaka chomwecho America inalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mafakitale a zitsulo ankafuna antchito ambiri. Monga amuna a kuno ankasiya minda kupita kumigodi ya ku Copperbelt, a Day anakalowa ntchito pafakitale ya zitsulo ya Sparrows Point, pafupi ndi mzinda wa Baltimore. Banja linawatsatira n'kukakhala ku Turner Station, dera la anthu akuda. Kumeneko kunabadwa ana ena atatu, David, Deborah ndi Joseph.

Amene ankawadziwa Mayi Lacks anawakumbukira ngati mayi wa manja otambasuka. Wachibale aliyense wochoka ku Clover kudzafuna ntchito ankafikira pakhomo pawo, n'kupeza chakudya ndi pogona. Ankakonda kuvina, kuvala bwino ndi kupaka zikhadabo zawo utoto wofiira. Analinso ndi mtolo wawo. Elsie anali ndi matenda akugwa ndiponso sankatha kulankhula. Mu 1950 anamupereka kuchipatala cha boma cha Crownsville, kumene amayi ake ankapita kukamuona mlungu ndi mlungu mpaka pamene iwo eni anadwala.

Mfundo m'mimba

Asanadziwe kuti ali ndi pakati pa mwana womaliza, Mayi Lacks anauza asuweni awo aakazi kuti akumva ngati muli mfundo m'mimba mwawo. Pakati patadziwika, onse anaganiza kuti chinali chimenecho. Joseph anabadwa mu 1950, koma mfundoyo sinachoke, ndipo anayamba kutaya magazi nthawi yosakhala ya kumwezi. Atadzifufuza okha anakhudza kachotupa kolimba pakhomo la chiberekero.

Pa 29 Januwale 1951 anapita kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Masiku amenewo, pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson ndipo m'masitolo ena a dziko lino munthu wakuda ankagulira pawindo, ku America nakonso kunali tsankho. Zipatala zambiri sizinkalandira anthu akuda. Johns Hopkins inkawalandira, koma m'mawodi awoawo. Dr Howard Jones anawapima n'kupeza chotupa chofiirira, chochucha magazi chikangokhudzidwa. Chinamudabwitsa n'chakuti miyezi yowerengeka m'mbuyomo, pa nthawi yobereka, palibe amene analemba kuti waona kanthu pamalopo. Chotupacho chinali kukula mothamanga.

Chithandizo cha nthawiyo chinali kuika timachubu ta radium pa chotupa kuti mphamvu yake ichitenthe. Mu Febuluwale, Mayi Lacks ali chigonere ndi mankhwala ogonetsa, dokotala anadula tinyama tiwiri, kena pa chotupa, kena pamalo abwino, n'kutitumiza kwa wofufuza wina wa pachipatalapo, Dr George Gey. Palibe amene anawapempha kapena kuwauza. Panalibe lamulo lokakamiza madokotala kutero, ndipo zoterezi zinkachitikira odwala ambiri.

Poyamba chotupa chinaoneka ngati chatha, ndipo mayiwa anabwerera kuntchito zawo za pakhomo. Koma ululu unabwerera. Pa 8 Ogasiti anawagoneka m'chipatala, ndipo sanatulukemonso. Achibale ndi anzawo a amuna awo a kufakitale anabwera kudzapereka magazi, koma khansa inali itafalikira thupi lonse. Anamwalira pa 4 Okutobala 1951, mwana womaliza akali wapamsana. Anawaika ku Clover m'manda a banja, popanda mwala wolembedwa dzina. Elsie anamwalira ku Crownsville mu 1955.

Maselo okana kufa

Thupi lathu linamangidwa ndi maselo, tinthu tamoyo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Selo limaswana pogawika pawiri. Ndi mmene mwana amakulira, ndi mmenenso bala limapolera.

Dr Gey ndi akazi awo a Margaret anakhala zaka zambiri akuyesa kusunga maselo a munthu amoyo m'mabotolo, kuti azitha kuphunzira khansa kunja kwa thupi. Nthawi zonse maselowo ankafa. Wothandizira wawo, Mary Kubicek, anaika tinyama ta Mayi Lacks m'timachubu n'kulembapo HeLa, kutenga zilembo ziwiri zoyamba za dzina lililonse. Maselo a pamalo abwino aja anafa monga mwa nthawi zonse. A pa chotupa anayamba kuwirikiza kawiri tsiku lililonse, ndipo sanalekenso.

Dr Gey anagawa maselowa kwaulere kwa ofufuza anzake, ndipo posachedwa anafika kumaiko akutali. Ntchito yawo yoyamba yaikulu inali ya poliyo. Mu 1952 anthu pafupifupi 58,000 anadwala poliyo ku America, ambiri mwa iwo ana. Katemera wa Jonas Salk anafunika kuyesedwa, ndipo maselo a HeLa anapezeka kuti ndi oyenera ntchitoyo. Pasukulu ya anthu akuda ya Tuskegee anakhazikitsa malo oswetsera maselowa n'kumawatumiza m'timachubu zikwizikwi mlungu uliwonse. Pambuyo pake anagwiranso ntchito pofufuza mmene kachilombo ka HIV kamalowera m'selo, ndi poyesa mankhwala ambiri a khansa.

Koma funso lalikulu linatsala. Mu 1961 Leonard Hayflick anaonetsa kuti maselo abwinobwino a munthu amagawika maulendo pafupifupi 50, kenaka amakalamba n'kuleka. Nanga a Mayi Lacks ankapitirira bwanji malire amenewa?

Mpendero wa chitenje

Kuti mumve yankho lake, ganizirani chitenje chatsopano. Mukachigula mumachipinda m'mphepete n'kusoka mpendero, chifukwa mukudziwa kuti popanda mpendero ulusi uyamba kusosoka mpaka maluwa a chitenjecho adyeka.

M'kati mwa selo muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu. Pa timaulusi timeneti ndi pamene palembedwa majini, malangizo onse oyendetsera thupi amene tinalandira kwa makolo. Nsonga za kaulusi kalikonse zili ndi mpendero wake, umene akatswiri amautcha telomere. Mmodzi mwa oyamba kuzindikira ntchito yake anali mayi wina wofufuza chimanga, Barbara McClintock, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Iye anaona kuti kaulusi kakaduka, nsonga zodukazo zimamatirirana ndi zina n'kusokoneza selo, pamene nsonga zachibadwa sizitero.

Selo likagawika, limayenera kukopera timaulusi tonse, koma silitha kukopera mpaka kunsonga kwenikweni. Choncho pa kugawika kulikonse mpendero umafupika pang'ono, monga wa chitenje umaperepeseka ndi kuchapa. Ukatsala pang'ono kutha, selo limaleka kugawika kapena limafa. Izi zimaoneka ngati tsoka, pakuti ndi mbali ina ya ukalamba, koma ndi chitetezo chachikulu. Selo limene lasokonekera n'kuyamba kuswana mosalamulirika limangothamanga mpaka mpendero wake utatha, basi n'kuima. Maselo ambiri osokonekera amathera pomwepo, ife osadziwa n'komwe.

Pa tsiku la Khirisimasi mu 1984, mtsikana wa zaka 23 wophunzira payunivesite ya ku Berkeley, Carol Greider, amene ankagwira ntchito ndi mphunzitsi wake Elizabeth Blackburn, anapeza telala amene amasokanso mpenderowu. Ndi puloteni yapadera imene anaitcha telomerase. Anaipeza m'kachilombo kakang'ono kokhala m'madzi a m'zithaphwi. Amayi awiriwa, pamodzi ndi Jack Szostak, analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Koma kodi telala ameneyu alimonso mwa munthu? Mu 1989 Gregg Morin wa payunivesite ya Yale anamupeza, ndipo anamupeza m'maselo a HeLa, patapita zaka 38 mwini wake ali m'manda. Chinsinsi chinaululika. M'maselo a Mayi Lacks telala sapuma, mpendero sutha, ndipo selo silikalamba.

Telomerase payokha si matenda. Imagwira ntchito mwa mwana wongoyamba kuumbika m'mimba, m'maselo opanga mbewu ya abambo, ndi m'maselo ena ochepa amene ayenera kukonzanso thupi moyo wonse, monga opanga magazi m'mafupa. Anthu ochepa obadwa nayo yofooka amadwala matenda a kuchepa kwa magazi ndi kuuma kwa mapapo. Koma m'maselo ambiri a munthu wamkulu imakhala yozimitsidwa. Mu 1994 ofufuza anayeza zotupa za khansa 101 n'kupeza telomerase ili pantchito mu 90, pamene m'tinyama tabwinobwino 50 sanaipeze. Masiku ano akatswiri amawerengera kuti khansa 85 mpaka 90 pa 100 zilizonse zimadalira telala ameneyu.

Swichi ikakanirira

Malangizo opangira telomerase ali pa jini yotchedwa TERT, ndipo kutsogolo kwa jiniyi kuli kachigawo kamene kamagwira ntchito ngati swichi ya magetsi. Mu 2013 magulu awiri a ofufuza, lina ku Heidelberg ku Germany, lina ku Boston ku America, anapeza kuti m'khansa yoopsa ya pakhungu yotchedwa melanoma chilembo chimodzi chokha chimasintha pa swichiyi, ndipo imakanirira ili yoyaka. Anachipeza m'zotupa pafupifupi 7 pa 10 zilizonse. Posachedwa kusintha komweku kunapezeka m'zotupa pafupifupi 8 pa 10 za khansa yoopsa ya muubongo yotchedwa glioblastoma, m'khansa zambiri za chikhodzodzo, ndi pafupifupi theka la khansa za chiwindi. M'chiwindi, kachilombo ka hepatitis B nakonso kamatha kudzilowetsa pafupi ndi swichi imeneyi n'kuiyatsa. Ichi ndi chifukwa china chosaphonyera katemera wa ana kusikelo, pakuti wa hepatitis B alimo.

Kusinthaku sikuyambitsa khansa pakokha. Selo limayamba lasokonekera m'majini ena, amene amalithamangitsa. Swichi ya TERT ndiyo imachotsa malire amene akanaliimitsa. Ndiponso nthawi zambiri kusinthaku kumachitika m'selo limodzi munthu ali moyo kale, mwina chifukwa cha dzuwa pakhungu, mwina chifukwa cha kulakwitsa pokopera. Mabanja amene amapatsirana kusinthaku pobadwa ndi owerengeka kwambiri. Wodwala khansa sanalodzedwe, ndipo palibe mnansi woti alozedwe chala.

Kodi kudziwa zimenezi kumamuthandiza bwanji wodwala? Kumathandiza dokotala kudziwa mtundu wa mdani amene akulimbana naye. Khansa yofala ya chithokomiro kawirikawiri imachizika bwino. Koma pafupifupi chotupa chimodzi pa 10 chimakhala ndi swichi ya TERT yosinthika, ndipo chotere chimakonda kubwerera ndi kufalikira, makamaka ngati jini ina yotchedwa BRAF nayonso yasintha. Wodwala wotere amafunika chithandizo champhamvu ndi kuonedwa pafupipafupi. Mu melanoma kusinthaku kumayenderanso ndi matenda othamanga. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalemba kuti zotupa zina za muubongo zikapezeka ndi kusinthaku ziziwerengedwa m'gulu loopsa, ngakhale zitaoneka zofatsa pa makina oonera tinthu tating'ono. Komabe pali mtundu wina wa chotupa cha muubongo umene nthawi zambiri umakhala ndi kusintha komweku, koma odwala ake amakhala zaka zambiri, chifukwa majini ena amene anasintha nawo ndi ofatsa. Choncho chilembo chimodzi sichiweruza munthu. Dokotala amaona mtundu wa khansa, pamene yafika, ndi mphamvu za wodwala.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangopanga mankhwala omanga manja telala ameneyu? Ayesa kwa zaka zambiri, koma n'kovuta. Ngakhale mutamuimitsa lero, selo la khansa limapitirirabe kugawika mpaka mpendero umene lili nawo utatha, ndipo mankhwalawo amakhudzanso maselo opanga magazi. Mankhwala oyamba a mtunduwu, imetelstat, anavomerezedwa ku America mu 2024, ndipo anavomerezedwa pa matenda amodzi okha a m'mafupa opanga magazi.

Chimene chinayatsa swichi mwa Mayi Lacks

Pakhomo la chiberekero nthawi zambiri woyatsa swichi ndi kachilombo kotchedwa HPV. Mu 1983 ndi 1984 Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu iwiri ya kachilomboka, HPV 16 ndi HPV 18, m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo HPV 18 anaipezanso m'maselo a HeLa. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa khansa 7 pa 10 zilizonse za pamalowa. Kachilomboka kamapanga mapuloteni amene amagwetsa alonda a selo n'kuyatsa jini ya TERT. Mwa Mayi Lacks kanadzilowetsa pafupi ndi jini ina yofulumizitsa kuswana, yotchedwa MYC, ndipo ofufuza amaganiza kuti ichi chinathandizira kuti khansa yawo ikhale yolusa chotero.

Apa mvetsetsani bwino, amayi. HPV imafala pokhalira pamodzi mwamuna ndi mkazi, ndipo ndi yofala kwambiri moti akulu ambiri amakumana nayo nthawi ina m'moyo. Mayi wokhulupirika amene anadziwa mwamuna mmodzi yekha akhoza kukhala nayo. Khansa imeneyi si chizindikiro cha khalidwe loipa, ndipo manyazi ndiwo amachedwetsa ambiri kupita kuchipatala. Mwa anthu pafupifupi 9 pa 10 thupi limakagonjetsa lokha kachilomboka m'zaka ziwiri. Mwa ena kamakhalitsa, n'kumasintha maselo pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo kufika pa khansa yeniyeni pamapita zaka 15 mpaka 20, kapena zaka 5 mpaka 10 kwa mayi wa chitetezo chofooka. WHO imati mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo mayi samva kuwawa, amalima, amatunga madzi, amaoneka wathanzi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Banja limene silinauzidwe

Kwa zaka zoposa 20 amuna awo ndi ana a Mayi Lacks sanadziwe kanthu. Manyuzipepala ena ankalemba kuti mwini maselowa anali Helen Lane. Banja linamva mu 1973, ndipo chaka chomwecho ofufuza anabwera kudzatenga magazi a anawo popanda kuwalongosolera bwino cholinga chake. Anawo anaganiza kuti akuwapima khansa ya amayi awo, n'kukhala akudikira zotsatira mwamantha. Makampani ankagulitsa maselo a HeLa, pamene ena mwa ana a mwini wake sankatha kulipira chipatala.

Deborah, amene amayi ake anamusiya ali wakhanda, anatha zaka zambiri akufufuza mbiri ya amayi ake ndi ya mkulu wake Elsie. Anagwirizana ndi mtolankhani Rebecca Skloot, amene buku lake lonena za Mayi Lacks linatuluka mu 2010, Deborah atamwalira kale mu 2009. Mu 2010 momwemo pamanda paja anaikapo mwala wolembedwa dzina. Mu 2013 ofufuza a ku Ulaya anafalitsa majini onse a HeLa osafunsa banja, chinthu chimene chikanaulula zinsinsi za thupi la zidzukulu. Banja litadandaula, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo linapangana nalo kuti achibale azikhala nawo m'komiti yopereka chilolezo. Mu Okutobala 2021 WHO inalemekeza Mayi Lacks ku Geneva, ndipo mphotoyo inalandiridwa ndi Lawrence, mwana wawo woyamba uja, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80. Mu 2023 kampani ina yogulitsa maselowa inagwirizana ndi banja kunja kwa khoti.

Masiku ano wofufuza ayenera kukufotokozerani ndi kupempha chilolezo chanu asanakulowetseni m'kafukufuku. Akakupatsani pepala loti musaine kapena mudinde chala, muli ndi ufulu wofunsa m'chilankhulo chanu kuti magazi kapena kanyamako akukachita nako chiyani.

Kuno kwathu

M'Zambia khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Chiwerengero cha 2020 chinaonetsa amayi oposa 3,000 opezeka nayo pa chaka, ndi pafupifupi 1,900 omwalira. Ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali. Chipatala cha khansa cha ku Lusaka, Cancer Diseases Hospital, chinatsegulidwa mu 2007, koma kuchoka ku Chipata ndi ulendo woposa makilomita 550 pa Great East Road, ndipo mukudziwa zimene ulendo wotere umadya m'thumba la banja. Kusiyana kwa kufulumira ndi kuchedwa n'kwakukulu. Ku America, mwa amayi 10 amene khansayi yapezeka isanachoke pamalo pake, 9 amakhala akali moyo patapita zaka zisanu. Ikapezeka itafika kuziwalo zakutali, amatsala awiri okha.

Inu muli ndi zinthu ziwiri zimene Mayi Lacks analibe. Choyamba ndi kupima kosavuta. Mu 2006 ku Lusaka kunayamba ntchito yopima amayi motsogozedwa ndi Dr Groesbeck Parham ndi Dr Mulindi Mwanahamuntu, ndipo inafalikira m'zigawo zonse. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene maselo ayamba kusintha amayera. Ngati malowo ndi aang'ono, amatha kuwaumitsa ndi mpweya wozizira kapena kuwatentha tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kunyumba. M'zipatala zina amayezanso kachilombo ka HPV kenikeniko. Kupimaku kumagwira maselo osokonekera akali pamwamba, asanazike mizu. Funsani ku Chipata Central Hospital, ku Mwami, ku St Francis ku Katete, ku Nyanje, ku Kamoto, kapena kukiliniki ya kufupi ndi kwanu, adzakuuzani kumene amapima ndi tsiku lake. Ngati mumamwa ma ARV, muuzeni namwino kuti akupimeni kawirikawiri.

Chachiwiri ndi katemera wa HPV, amene anatheka chifukwa cha kuzindikira kachilombo kaja. Zambia inayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2019. Amagwira bwino ntchito mtsikana akalandira ali ndi zaka 9 mpaka 14, asanakumane ndi kachilomboka. Satseka mimba, ndipo saphunzitsa mwana chiwerewere. Kalata ikabwera kuchokera kusukulu, musamubise mwana. Mu 2020 maiko a mu WHO anagwirizana kuti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 alionse akhale atalandira katemerayu, amayi 70 pa 100 akhale atapimidwa pofika zaka 35 ndiponso pofika zaka 45, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto alandire chithandizo.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku lopima: kutaya magazi mukakhalira pamodzi ndi abambo, kutaya magazi pakati pa mwezi kapena mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosamva mankhwala, ndi kuwawa kosatha m'chiuno. Sikuti nthawi zonse ndi khansa, koma woti asiyanitse ndi wachipatala. Miyezi imene imathera pa zitsamba ndi pa manyazi ndi miyezi imene maselo aja akuwirikiza.

Mayi Lacks anamva mfundo m'mimba nauza asuweni awo, ndipo onse anaganiza kuti ndi pakati. Tsiku lina mnzanu, mpongozi wanu kapena mng'ono wanu adzakunong'onezani zofanana ndi zimenezi pachitsime kapena pobwera kumunda. Musamuuze kuti zidzatha zokha. Mufunseni tsiku limene ali ndi mpata, mumperekeze, ndipo mukafika kumeneko inunso mulembetse dzina.